Pangano lamuyaya pa malo: mkangano wa alimi ndi opanga malamulo ku America

Kumayambiriro kwa chaka cha 2025, mumzinda wa Helena, senata wina wa chigawo cha Montana ku America anabweretsa bilu m'nyumba ya malamulo. Ankati akufuna kuteteza eni malo. Biluyo inkalamula kuti pangano loteteza malo lisamapitirire zaka 40. Litafika tsiku lomva maganizo a anthu, ambiri mwa amene anaimirira kuikana anali eni malo omwewo, alimi a ng'ombe amene mabanja awo akhala pa malo amodzi kwa mibadwo ingapo. Mapeto ake biluyo inaikidwa pambali. Zaka ziwiri m'mbuyomo, ina yofanana nayo inali itagwa kale m'nyumba yomweyo.

Zikumveka zachilendo kuti munthu akane lamulo lomwe akuti labwera kudzamuteteza. Koma tikamvetsa bwino chimene alimiwo ankamenyera, tiona kuti sanasokonezeke mutu. Mbali zonse ziwiri za mkanganowu zimakuwa mawu amodzi akuti "ufulu wa mwini malo", ndipo ine ndikuona kuti mbali imodzi yokha ndiyo ikuwagwiritsa ntchito moona.

Tiyambe ndi panganolo. Pachingerezi amalitchula kuti conservation easement. Maloya a ku America amayerekeza umwini wa malo ndi mtolo wa nkhuni. Nkhuni imodzi ndi ufulu wolima, ina ndi wodyetsa ziweto, ina wogulitsa, ina wosiyira ana, ina wokaniza anthu kulowa, ina wodula malowo maploti n'kumangapo nyumba. Mwini atha kusolola nkhuni imodzi n'kupatsa wina, mtolo wotsalawo uli chikhalire pamutu pake. M'pangano loteteza malo, nkhuni imene imasololedwa kawirikawiri ndi ya kudula maploti ndi kumanga. Amaipereka kapena kuigulitsa ku bungwe losapanga phindu, lomwe kumeneko amati land trust, kapena ku nthambi ya boma. Bungwelo silitenga nkhuniyo kuti likasonkhere moto wake ayi. Ntchito yake ndi kuisunga kuti munthu aliyense asadzaigwiritsenso ntchito.

Chikalata cha umwini chimakhalabe m'dzina la mwini malo. Amalima, amaweta, amadula mitengo ngati panganolo likulola, amakhoma msonkho wa malo, atha kugulitsa kapena kusiyira ana. Anthu wamba saloledwa kulowa pokhapokha mwiniyo atalemba yekha kuti azilowa. Chosintha n'chakuti panganolo limalembedwa m'kaundula wa malo ndipo limatsatira malowo, osati munthu. Wogula mawa amagula ndi pangano lomwe. Kamodzi pachaka munthu wochokera ku bungwe lija amafika pa famu, amayenda ndi mwini wake m'malire, amajambula zithunzi ataima pomwe anaima amene anajambula tsiku loyamba, kenako amayerekeza. Ngati pomwe panali msipu pamera nyumba zisanu zogulitsa, nkhani imapita kukhoti.

Njira imeneyi si ya dzulo. M'zaka za m'ma 1930 nthambi yoyang'anira malo osungirako zachilengedwe inkagula kale mapangano otere m'mphepete mwa msewu wa Blue Ridge Parkway kuti maonekedwe a mapiri asaonongeke. Koma inafala kwambiri zitachitika zinthu ziwiri. Mu 1980 nyumba ya malamulo ya dziko lonse inakhazikitsa ndime 170(h) m'lamulo la misonkho, yomwe imati wopereka pangano lotere mwaulere achepetseredwe msonkho. Mu 1981 akatswiri a malamulo analemba lamulo lachitsanzo, Uniform Conservation Easement Act, lomwe zigawo zambiri zinatengerapo polemba malamulo awo. Pofika 2020, kalembera wa bungwe la Land Trust Alliance anapeza kuti mabungwe osunga malo anali atateteza maekala 61 miliyoni, ena mwa kugula, ena mwa mapangano amenewa.

Chifukwa chake mlimi amasaina

Tiyerekeze banja lili ndi famu ya ng'ombe ya maekala 2,000 pafupi ndi tawuni imene ikukula. Woyesa mtengo wa malo akuti famuyo ingagulidwe madola 6 miliyoni, chifukwa wogulayo atha kuidula maploti n'kumanga nyumba za anthu olemera ofuna kudzuka akuona mapiri. Koma itakhala yoti ntchito yake ndi ya ng'ombe basi, ingagulidwe madola 4 miliyoni. Kusiyana kwake, madola 2 miliyoni, ndiwo mtengo wa nkhuni ija.

Banjali pa pepala ndi lolemera, koma m'thumba mulibe kanthu. Ng'ombe sizibweretsa ndalama yofanana ndi mtengo wa nthaka yomwe zapondapo. Bambo akalamba, ana alipo atatu, mmodzi yekha ndiye akufuna kupitiriza ulimi, awiriwo ali m'tawuni ndipo nawonso akuyembekezera gawo lawo. Kubanki kuli ngongole. Popanda njira ina, famu imagulitsidwa, ndalama n'kugawana, mwana wofuna ng'ombe uja n'kukafuna ganyu kwa ena. Pangano loteteza malo limatsegula khomo lachiwiri. Pansi pa ndondomeko ya Agricultural Conservation Easement Program, yomwe inayamba mu 2014, unduna wa zaulimi utha kulipira mpaka theka la mtengo wa panganolo, kapena kuposerapo ngati ndi msipu wofunika mwapadera. Gawo lina limachokera ku thumba la chigawo kapena kwa anthu akufuna kwabwino, lina mwini amalipereka ngati mphatso n'kuchepetseredwa msonkho. Ndalama imeneyo imabweza ngongole, imapatsa ana awiri aja gawo lawo, famu n'kutsala yathunthu. Ndiponso popeza mtengo wa malowo watsika, msonkho wa chuma chamasiye umatsika, ndipo mlimi wachinyamata amene angadzafune kugula mtsogolo sadzapikisana ndi makampani omanga nyumba.

N'chifukwa chake si anthu okonda mbalame okha amene ali m'nkhaniyi. Mu 1995 bungwe la alimi a ng'ombe ku Colorado linayambitsa bungwe lakelake losunga malo, kuti mlimi akafuna kusaina azisaina ndi alimi anzake. Iwo ankaona minda ikutha. Kafukufuku wa American Farmland Trust anapeza kuti pakati pa 2001 ndi 2016 dziko la America linataya maekala 11 miliyoni a ulimi kupita ku nyumba, misewu ndi zomangamanga zina, kutanthauza maekala pafupifupi 2,000 tsiku lililonse.

Tsopano apa ndi pomwe pagona nkhani. Ndime 170(h) ija ili ndi mawu amodzi olimba: panganolo liyenera kukhala lamuyaya. Likakhala ndi tsiku lothera, kaya ndi zaka 40 kaya 99, msonkho suchepetsedwa ngakhale ndi dola imodzi. Choncho chigawo chikati mapangano asapitirire zaka zakutizakuti, sichikungofupikitsa nthawi. Chikuchotsa mwendo umodzi wa mpando umene alimi aja amakhalira.

North Dakota: komwe mkwiyo unayambira

Sindikufuna kuti amene amadana ndi mapanganowa aoneke ngati anthu opanda chifukwa. Chifukwa ali nacho, ndipo kuti tichimve tiyenera kupita ku North Dakota, chigawo chomwe lamulo lake limati pangano lotere lisapitirire zaka 99.

Madzi oundana amene anakuta derali kalekale anasiya nthaka yodzaza ndi timaiwe ndi zithaphwi zosawerengeka, zina zazing'ono ngati bwalo la mpira kapena kucheperapo. Chipale chikasungunuka timaiwe timeneti timadzaza, ndipo abakha akutchire ochuluka kwambiri a ku North America amaswera kumeneku. Kuyambira mu 1958, boma lalikulu linayamba kugwiritsa ntchito ndalama za sitampa yomwe alenje a abakha amagula, kugulira mapangano kwa alimi. Mlimi ankalandira ndalama kamodzi kokha, n'kulonjeza kuti timaiwe ta m'munda mwake sadzatikhetsa madzi, kutikwirira, kutisalaza kapena kutitentha mpaka kalekale. Pakati pa 1961 ndi 1977 abwanamkubwa a North Dakota anavomereza kuti boma lalikulu ligule mapangano otere pa maekala pafupifupi 1.5 miliyoni.

Taganizirani mdzukulu wa mlimi amene anasaina mu 1964. Agogowo analandira kandalama, anagulira mwina thirakitala, onse awiri anatha kalekale. Mdzukuluyo lero ali ndi makina obzalira otambalala mamita makumi awiri kapena kuposa, ndipo chaka chilichonse amawazungulitsa kathaphwi kali pakati penipeni pa munda wa tirigu, kutaya mafuta ndi mbewu. Mnzake wa tsidya la msewu anakwirira mapaipi pansi, madzi akuchoka, akukolola paliponse. Iye akati ayese zomwezo, a nthambi ya zanyama zakutchire amafika ndi kalata, ndipo kuphwanya pangano la mtunduwu ndi mlandu umene boma limatha kumuzenga. Choipitsitsa n'chakuti mapangano ambiri osainidwa 1976 isanafike analibe mapu osonyeza kuti kathaphwi kotetezedwa ndi kati. Zaka zamvula yambiri zikabwera, madzi ankasefukira m'munda, mlimi n'kumati awa ndi madzi atsopano, boma n'kumati ndi dziwe lomwe lija. Ena anafika mpaka kukhoti chifukwa cha ngalande imene anakumba m'munda wawo womwe. Munthu woteroyo mukamuuza kuti pangano loteteza malo ndi laufulu, amakuyang'anani kawiri, chifukwa iye sanafunsidwe.

Mu 1977 aphungu a North Dakota anayankha ndi malamulo okhwima, kuphatikizapo malire a zaka 99 aja. Boma lalikulu linakasuma, ndipo mu 1983 khoti lalikulu kwambiri m'dzikolo linagamula kuti chigawo sichingabweze chilolezo chomwe abwanamkubwa ake anapereka kale, ndiponso kuti malamulo atsopanowo sangaletse mapangano ogulidwa pansi pa chilolezocho. Onani bwino zimene zinachitika apa. Lamulo linapangidwa kuti limange manja boma la ku Washington, koma bomalo linapulumuka. Amene anatsala omangidwa ndi eni malo wamba a m'chigawomo. Mu 2014 khoti la misonkho linamva mlandu wa banja lina la ku North Dakota lomwe linapereka mapangano oteteza malo awo n'kupempha kuchepetseredwa msonkho. Banjalo linati zaka 99 ndi zambiri zedi moti n'chimodzimodzi muyaya. Khoti linakana. Linati tsiku lomwe anasaina zinali zodziwikiratu kuti panganolo lidzatha, choncho si lamuyaya. Mlimi wa ku Montana kapena ku Minnesota, kungodumpha malire, ali ndi mwayi umene mnzake wa ku North Dakota alibe, ndipo amene anamulanda mwayiwo ndi aphungu ake omwe.

Ife a ku Malawi zaka 99 timazidziwa bwino, ndiyo nthawi yomwe malo ambiri a lizi amalembedwa, ndipo timaiona ngati nthawi yosatha. Kwa munthu mmodzi ndi yosathadi. Kwa dambo kapena nkhalango ndi nthawi yochepa.

Mphepo ya 30 pofika 2030

Mkangano umene unali wa kumadera a abakha unafalikira mu 2021. Pa 27 January chaka chimenecho Pulezidenti Joe Biden anasaina chilamulo chokhala ndi cholinga choti pofika 2030, magawo 30 pa 100 alionse a nthaka ndi madzi a dzikolo akhale otetezedwa. Boma lake linkanena kuti zonse zidzachitika mwa kufuna kwa eni malo. Koma ku Nebraska, komwe pafupifupi magawo 97 pa 100 a malo ali m'manja mwa anthu wamba, bwanamkubwa wa nthawiyo Pete Ricketts anafunsa funso lomwe linagwira mitima: malo onsewo achokera kuti ngati si kwa alimi? Anayenda m'matawuni kuchititsa misonkhano, makhonsolo ambiri a m'madera anapanga zigamulo zokana ndondomekoyo, ndipo mapangano amuyaya anayamba kutchulidwa ngati khomo lakuseri lomwe boma lidzalowere. Bungwe la American Stewards of Liberty la ku Texas linafalitsa uthenga womwewo m'zigawo zina. Mu 2022 bilu yoika malire a zaka 99 inafika m'nyumba ya malamulo ya Nebraska, koma sinadutse. Lamulo la chigawochi linali kale lopatsa makhonsolo mphamvu yovomereza kapena kukana pangano, ndipo m'nyengo imeneyi eni malo ena anaona pempho lawo likukanidwa ndi khonsolo.

Ganizirani zimenezo. Munthu akufuna kuchita chinthu pa malo ake, ndi bungwe limene wasankha yekha, ndipo akuluakulu a khonsolo akumuuza kuti ayi, m'dzina la ufulu wa mwini malo. Pulezidenti Donald Trump anafafaniza chilamulo cha Biden chija pa 20 January 2025, koma mabilu ochepetsa zaka sanathe nacho pamodzi. Ya ku Montana ija inakambidwa chilamulocho chitafafanizidwa kale.

Mantha akuti "kuteteza chilengedwe" ndi dzina lina la kulanda malo ndimawamvetsa. Kwathu kuno alipo anthu amene anasamutsidwa pomwe malo osungirako nyama monga Nyika ankakulitsidwa m'zaka za m'ma 1970, ndipo cholinga cha magawo 30 pa 100 chili m'mgwirizano wa maiko woteteza zachilengedwe womwe unapangidwa ku Montreal, m'dziko la Canada, mu December 2022, womwe Malawi ali nawo. Koma kusamutsidwa ndi boma n'kwina, kusaina wekha pangano utakhalabe pakhomo pako ndi ng'ombe zako n'kwinanso. Kuphatikiza ziwirizi ndiko kwasokoneza anthu ambiri.

Nsomba yowola

Palinso china chimene chaipitsa mbiri ya mapanganowa, ndipo ichi si mphekesera. Anthu ena ochenjera anaona kuti phindu lonse lagona pa mtengo umene woyesa malo walemba. Ankagula malo otsika mtengo, makamaka kumwera chakum'mawa m'zigawo ngati Georgia, n'kupeza woyesa amene alembe kuti pansipo pali miyala ya kwale kapena kuti pakanamangidwa mahotela, mtengo n'kukwera kambirimbiri. Kenako ankagulitsa masheya kwa anthu olemera, kusaina pangano loteteza malowo, aliyense n'kuchotseredwa msonkho woposa ndalama imene analowetsa. Komiti ya zachuma ya nyumba ya Senate inatulutsa lipoti mu 2020 lomwe linayerekeza zimenezi ndi makina oti ukaponyamo dola imodzi amakubwezera ziwiri. Mu December 2022 kunabwera lamulo lokana kuchotsera msonkho pamene gulu la anthu likunena mtengo woposa kuwirikiza kawiri ndi theka ndalama imene analowetsa. Mu January 2024 khoti la ku Atlanta linalamula anthu awiri otsogolera malonda otere kukakhala kundende zaka 25 ndi 23. Mabungwe enieni osunga malo ndi amene anakhala zaka akupempha lamulo limeneli, koma paja nsomba ikawola imodzi zonse zawola.

Ku Colorado zinapweteka anthu osalakwa. Chigawochi chinayamba mu 2000 kupereka chiphaso chochepetsera msonkho chomwe mlimi atha kugulitsa kwa wina, n'kupeza ndalama m'manja. Oyesa malo ena anakweza mitengo mopyola, ndipo boma litadzidzimuka linakana ziphaso za eni malo mazanamazana, ambiri a kumwera chakum'mawa kwa chigawocho. Ena anauzidwa kubweza ndalama zomwe anali atagwiritsa kale ntchito, pomwe pangano lamuyaya lili chimangire pa malo awo. Amenewa analakwiridwa, ndipo ndikanakhala mmodzi wa iwo sindikanafuna kumvanso mawu akuti easement pakhomo panga.

Koma funsani kuti malire a zaka 40 akanachiza chiyani pa zonsezi. Woyesa malo wabodza amanama kaya pangano ndi la zaka 40 kaya lamuyaya. Mapu osowa a ku North Dakota amafuna mapu. Colorado inakonza vuto lake poika ofesi yoti iziunika mabungwe ndi mitengo yolembedwa chiphaso chisanatuluke, ndipo mu 2021 inakwezanso chiphasocho m'malo mochithetsa. Madandaulo ena, monga akuti makhonsolo ataya msonkho, ndi ochepa mphamvu, chifukwa m'zigawo zambiri minda imakhomeredwa kale msonkho potengera ntchito ya ulimi, osati mtengo wa maploti. Dandaulo lakuti matawuni ngati Bozeman ku Montana akusowa pomanga nyumba zotsika mtengo ndi lomveka, koma limafuna kukambirana za malo akutiakuti oyandikira tawuni, osati kuletsa mlimi amene ali makilomita 200 kutali.

Kodi akufa alamulire amoyo?

Mfundo imene imandivutitsa mutu kwenikweni ndi iyi, ndipo ndi yakale kuposa ndale za lero. Mu 1789 Thomas Jefferson analembera James Madison (onse awiri anadzakhala mapulezidenti a America) kalata yonena kuti dziko lapansi ndi la amoyo, akufa alibe mphamvu kapena ufulu pa ilo. Malamulo a ku England, omwe America inatengera, kwa zaka mazana ankakayikira munthu wofuna kulamulira chuma chake ali m'manda. Ndani akudziwa za chaka cha 2150? Nyengo ikusintha, dambo la lero litha kuuma, mbalame imene ankaitetezayo itha kusamukira kumpoto, mudzi utha kudzafuna chipatala pamalo pomwepo. Munthu mmodzi amene wakhala pa malo zaka 30 akutseka khomo la anthu amene sanabadwe. Kwathu tili ndi msitu wa kumanda, womwe aliyense amadziwa kuti sulowako ndi nkhwangwa, ndipo m'midzi yambiri ndiwo wokha wasunga mitengo yachilengedwe. Koma lamulo la kumanda limasungidwa ndi mudzi wonse, mbadwo uliwonse ukulivomereza mwatsopano. Pangano la ku America limasainidwa ndi munthu mmodzi tsiku limodzi.

Mfundoyi ndi yolemera, koma ndikaiyang'anitsitsa ndimapeza kuti yaona mbali imodzi. Mwini malo akagulitsa famu kwa kampani, kampaniyo n'kudula maploti 200, kuika tara, mapaipi ndi mawaya, nayenso wasankhira anthu osabadwa, ndipo palibe phungu amene amabweretsa bilu yoti nyumbazo zidzagwetsedwe pakatha zaka 40. Wogulitsa miyala ya pansi pa nthaka wagulitsa mpaka kalekale. Wogulitsa malo onse wagulitsa mpaka kalekale, ndipo mdzukulu wake sadzafunsidwa. Pa zosankha zonse zosabwezeka zimene lamulo limalola mwini malo, mabiluwa akusankhapo imodzi yokha kuti ailetse, ndipo ndi yokhayo imene imasiya nthaka momwe inalili. Msipu wachilengedwe ukagawulidwa n'kumangidwapo, subwerera m'moyo wa munthu. Pangano la pa pepala likhoza kumasulidwa.

Likhozadi, ngakhale movuta, ndipo kuvutako n'kwadala. Malamulo a misonkho amati zinthu zikasintha moti cholinga cha pangano sichingathekenso, khoti litha kulithetsa, bungwe losunga n'kulandira gawo lake la ndalama kuti likatetezere malo ena. Boma likafuna kudutsitsa msewu kapena mawaya a magetsi, mphamvu yake yotenga malo polipira chipepeso imagwirabe ntchito. Chimene sichiloledwa ndi kumasula mwakachetechete. Ku Wyoming, khonsolo ya Johnson County inathetsa pangano la famu ina mu 2002 eni ake atsopano atapempha, kampani ina itayamba kukumba gasi pamalopo. Nkhani inafika kukhoti lalikulu la chigawocho, loya wamkulu wa boma analowererapo, ndipo mu 2010 anagwirizana kuti panganolo likhalepobe. Khomo lilipo, koma lili pabwalo la milandu pomwe aliyense akuona.

Ndiponso amene safuna muyaya sakakamizidwa. Ndondomeko ya Conservation Reserve Program, yomwe inayamba mu 1985, imalipira mlimi kuti agoneke munda kwa zaka 10 mpaka 15. Pali mapangano a madambo a zaka 30. Lamulo la Montana lenilenilo limalola pangano la nthawi yoikika, bola isachepere zaka 15. Choncho bilu ya zaka 40 sinkawonjezera njira ina iliyonse pa zomwe mlimi anali nazo. Inkangochotsapo imodzi, yomwe ndiyo imalipira bwino. Alimi amene anapita ku Helena anaona zimenezi msanga: mawu awo anali akuti malo ndi athu, tisiyeni tisankhe tokha. Ndikugwirizana nawo. Chomwe ndingapemphe kwa mabungwe osunga malo n'chakuti mapangano azilembedwa momveka, ndi mapu, ndi mpata woti ulimi usinthe ndi nthawi, ndipo mlimi asamasaine popanda loya wake komanso ana ake atakhala pansi n'kumva. Zolakwa za m'ma 1960 zinabwera chifukwa zimenezi zinasowa.

Pali mbali inanso imene siitchulidwa kawirikawiri, ya amene akulipira. Kumpoto chakumadzulo kwa Montana kuli tawuni ya Whitefish, yomwe madzi ake ambiri akumwa amachokera m'timitsinje ta m'nkhalango ya Haskill Basin. Nkhalangoyo ndi ya kampani yocheka matabwa ya F.H. Stoltze, ndipo ili moyandikana ndi malo otchuka amasewera a pa chipale, kumene ploti ya nyumba ndi yodula kwambiri. Kwa zaka zambiri tawuniyo inkatunga madzi mwa ubale chabe. Mu 2015 anthu a m'tawuniyo anavota kukweza msonkho wa alendo kuchoka pa 2 kufika pa 3 peresenti kuti apeze gawo lawo la ndalama, ndipo mu 2016 pangano lamuyaya linasainidwa pa maekala pafupifupi 3,000. Kampani ikudulabe mitengo yake, anthu akuyendamo, nyumba sizidzamangidwamo. Pakanakhala malire a zaka 40, panganolo likanatha mu 2056, ndipo ana amene lero ali kusukulu ya pulaimale ku Whitefish akanadzayenera kusonkhanso ndalama kugula chitetezo cha madzi omwewo kachiwiri, pa mtengo wa malo wa chaka chimenecho, kwa aliyense amene adzakhale mwini nkhalangoyo, ngati angadzafune kugulitsa.